Mwala Umene Unapita Kwawo Wokha

Fungo la waya wamkuwa wootchedwa pamakala ndikalimva, ngakhale ndikhale pakati pa msika ndi dengu pamutu, ndimaima kaye, chifukwa limandibwezera pakhonde la kanyumba kathu ku Sakubva, pamene agogo anga aamuna, a Jailosi Banda, ankakhala pachitini chovundikira kuyambira dzuwa likangosuzumira pamapiri. Patsogolo pawo pankakhala kambaula, mbale ya madzi a mandimu, ndi thaulo lakale limene ankayalapo miyala yawo, ina yoyera ngati mchere, ina yofiira, ina yobiriwira mbali imodzi yokha. Waya ankamuika pamoto mpaka afiire, n'kumuviika m'madzi kuti afewe, kenaka ankamukulunga pamwala pang'onopang'ono, akutsokomola, akupuma, akutsokomolanso, uku utsi wa sitima ya ku Beira ukutsikira pamadenga a lokeshoni yonse n'kudetsa zovala zimene amayi anachapa m'mawa. Inali nthawi ya Chitaganya, azungu akadali kutchula tawuni yathu ya Mutare kuti Umtali, ndipo ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Agogo anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nalowa mgodi wa golide ku Penhalonga. Anatulukamo tsitsi litayera, chifuwa chitadzaza fumbi, ndipo eni mgodi ataona kuti sangathenso kukankha ngolo anawauza kuti akapume. Kupuma kwake kunali kudzakhala ndi mwana wawo, amayi anga a Esitere, amene ankalera ana a mzungu m'tawuni n'kumabwera kunyumba dzuwa litapendeka. Bambo ankagwira ntchito ya njanji kutali, tinkawaona mwa apo ndi apo. Choncho ndikaweruka kusukulu pakhomo tinkakhala awiri, ine ndi agogo, ndipo iwo ankanditcha "mkazi wanga" monga amachitira agogo a kwathu ndi adzukulu awo aakazi. "Mkazi wanga, moto ukuzima uwu. Ukwati utha lero." Ine ndinkayankha kuti authetse, ndikakwatiwa ndi woyendetsa sitima, amene ali ndi mano onse. Ankaseka mpaka chifuwa chiwagwire.

Anansi athu Achimanyika ankawatcha Sekuru Matombo, ndiye kuti agogo a miyala. Miyalayo ankawabweretsera anzawo a kumgodi ndi a kunjanji, yotola pamilu ya zotaya ndi m'mitsinje, ndipo agogo sankaisema kapena kuisalaza. Ankangoitsuka ndi mandimu ndi phulusa, n'kuimanga m'waya mmene inalili, ndi ming'alu yake, ndi dothi lake lokanirira m'makona, n'kulowetsamo chingwe choti munthu avale m'khosi. Mmwenye wina wa sitolo anawauzapo kuti akamaisalaza azungu aziigula kwambiri. Agogo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ndikauchotsa zipsera, mwini wake audziwa bwanji?" Akazi a azungu ankagulabe ina pasiteshoni, koma imeneyo agogo ankaitenga ngati ntchito yodyera chabe. Akuluakulu a mpingo nawo ankang'ung'udza kuti a Banda akuveka anthu zithumwa. Kunena zoona, ena ankaivaladi ngati zithumwa, ankati ukavala mwala wochokera pansi, pansipo pamakudziwa ndipo sipakugwera. Agogo sankawatsutsa, komanso sankawavomereza. "Mulibe mankhwala m'menemo," ankatero. "Ine kulemba sindidziwa. Dzina la munthu ndimalilemba chonchi."

Ntchito yawo yeniyeni inali imeneyo. Mwamuna aliyense wa kwathu wolowa mgodi ankabwera pakhonde paja, agogo n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kumufunsa mudzi wake ndi dzina la amake, kenaka n'kumusankhira mwala wakewake, wosafanana ndi wa mnzake. Akapita kumudzi kukacheza ankauonetsa kwa amake ndi alongo ake kuti audziwe. Masiku amenewo munthu akafera kuno, mtembo sunkapita kwawo. Akanaunyamula ndani? Chimene chinkapita ndi mwala. Ankausokerera m'kansalu kakuda n'kupatsa aliyense wobwerera ku Nyasalande, iyenso n'kupatsira wina, mpaka ufike pakhomo poyenera. Wonyamulayo sankanena kanthu, ndipo nthawi zambiri sankadziwa n'komwe kuti muli mwala wa yani. Ankangouzidwa mudzi ndi dzina la mayi woti alandire. Agogo ankati uthenga wa maliro suyenera kutuluka m'kamwa mwa mlendo, kapena kuwerengedwa pakalata ndi mphunzitsi eni ake atangoti kukamwa yasa. Mayi amasule yekha, aone yekha. Zonsezi ndinadzazimvetsa mochedwa. Panthawiyo ine ndinkangoti amatumiza chikumbutso, monga ena ankatumizira chipewa kapena jekete la womwalira.

Agogo anali ndi mantha amodzi okha, oti adzafera kuno ngati mtchona n'kukwiriridwa pakati pa anthu osawadziwa. Ankafuna kukagona kwawo, pambali pa manda a amayi awo, ndipo ankazinena pafupifupi tsiku lililonse mpaka amayi anga ankatopa nazo. Kumudziko kunatsala munthu mmodzi wowayembekezera, mlongo wawo a Nabanda, amene ankawasungira dimba ndi malo omangapo nyumba. Pansi pa bedi panali sutikesi yachitsulo imene ankasungamo za ulendo: bulangete latsopano, nsapato zosavalidwa, nsalu ya mlongo wawo. Njira ankaidziwa pamtima ndipo anandiloweza nane: sitima mpaka ku Dondo, kusintha, kuwoloka Zambezi, kutsika ku Limbe, kenaka kukwera basi. "Chilimwe chikubwerachi, mkazi wanga, ndikukusiya. Ukwatiwe ndi wa sitima wakoyo."

Chimene chinkawachedwetsa anali Yohane, mwana wa a Nabanda, amene ine ndinkawatcha amalume. Agogo atapita kwawo komaliza, ine ndili wakhanda, anabwera nawo kuti awapezere ntchito, ndipo anawaveka mwala mayi awo akuona. Unali wonyezimira, wa mtundu wa maluwa a jakaranda. Agogo analonjeza mlongo wawo kuti tsiku lobwerera adzabwerera limodzi ndi mwanayo. Amalume Yohane ankabwera kwathu Lamlungu panjinga kuchokera ku Penhalonga, atanditengera nzimbe, fumbi lili mbuu m'nsidze, ndipo ankandilola kuyang'ana dzuwa kudzera m'mwala wawo. Lokeshoni yonse inkakongola, ngakhale zimbudzi zathu zomwe.

Tsiku lina Lachitatu kunabwera amuna awiri a kumgodi, zipewa zili m'manja. Denga la pansi linali litagwa pamene ankagwira ntchito amalume. Anawaika ku Penhalonga komweko, ndipo agogo anabwerako ndi mwala uja m'thumba, waya wake atapindika mbali imodzi. Masiku atatu sanayatse mbaula.

Kenaka kunamveka kuti munthu wina wa ku Ntcheu akukwera sitima mawa lake. Waya agogo ankamudziwa ndi zala, koma bowo la singano maso awo anali atasiya kuliona, ndipo amayi anali kuntchito. Anandipatsa kansalu kakuda, singano ndi mwala wa amalume, nati, "Soka bwino, mkazi wanga, pasatsale pobowoka. Ine ndikukaonana ndi munthu wa ulendoyo." Anatenga ndodo yawo n'kutuluka.

Ndinakhala nawo mwalawo m'manja nthawi yaitali. Sindinganame kuti ndinalibe dyera. Unali wokongola ndipo ndinkaufuna. Koma ndinkawasowanso amalume, ndipo ndinaganiza kuti mayi wa kutali uja, amene sindinamuonepo, adzangolandira mwala uliwonse n'kuusunga, pomwe wodziwa kuyang'ana nawo dzuwa ndinali ine. Pathaulo sindikanatengapo mwala wina woti ulowe m'malo mwake, popeza agogo ankaidziwa yonse ngati mano awo m'kamwa. Ndinakoka sutikesi ija, ndikudziwa kuti pansi penipeni pali kasanza kokulunga kanthu kolimba. Munali mwala wotuwa, wosaoneka bwino, wa mzere wakuda pakati, waya wake atada ndi thukuta lakale. Ndinali ndisanawaonepo agogo atauvala, chifukwa anauvula tsiku limene anatuluka mumgodi, ine ndisanadziwe kanthu. Ndinati ndi wolephereka umene anautaya. Ndinausokerera m'kansalu kaja bwinobwino, m'kasanzamo ndinaikamo kachidutswa ka malasha, ndipo wa amalume ndinaubisa mumng'alu wa khoma kuseri kwa nyumba. Agogo atabwera anapapasa msoko wanga ndi chala n'kundiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino.

Chilimwe chimenecho sanapite. Ankati akafika bwanji mlongo wawo misozi isanaume, iwo amene anatenga mwana wamoyo n'kubweza mwala. Anadikira kuti mvula igwe, ithe, mtima wa a Nabanda uzizireko. Kalata sanatumize, kumudzi nakonso sikunabwere mawu, ndipo agogo ankati n'zomveka, mlongo wawo wakwiya ndipo akampepesa pamaso. Ine nkhani ija ndinaiiwala monga amaiwalira ana. Mwala ndinkautulutsa ndikakhala ndekha, mpaka ndinatopa nawo.

Chaka chitatha anasankha tsiku. Sindinawaonepo agogo osangalala ngati masabata amenewo. Anameta ndevu, anayenda nyumba ndi nyumba kutsazika, anayesa nsapato zija pakhonde n'kuzibwezera msanga zisanade, ndipo ngakhale chifuwa chinkaoneka kuti chawapatsa mpata. Ankati akafika kwawo mphepo ya ku Dedza ikawatsuka m'kati monse.

Litatsala sabata limodzi kunabwera mlendo. Linali Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi, amayi akusenda mbatata, agogo ali pachitini chawo akumaliza miyala yotsala. Anali bambo wamtali wovala jekete lomukulira, kamtolo m'manja, ndipo Chichewa chake chinali cholemera cha kumudzi, chija ife ana a kuno tinkachiseka.

"Odi kuno! Pepani amayi, kodi pano ndi pakhomo pa mwana wa malemu a Jailosi Banda? Ndangotsika sitima. Ndatumidwa kwa Yohane."

Amayi mpeni unawagwa m'manja. Agogo anadzutsa mutu.

"Malemu ake ati? Jailosi ndine. Iwe si Lufeyo, mwana wa a Kamwendo a kutsidya kwa dambo?"

Mlendo uja anawayang'ana, kamtolo kanagwa pansi, mtedza unamwazika pabwalo ponse. Anabwerera chambuyo mpaka anagunda mpanda.

"A Banda, ife tinakuikani inu."

"Maiwe!" anakuwa amayi. "Baba, munthuyu akuti chiyani?"

Anamukhazika pansi, anamupatsa madzi, ndipo agogo anamuuza kuti awagwire dzanja aone kuti ndi lofunda. Pamenepo m'pamene anafotokoza. Kansalu kakuda kanafika kumudzi chaka chatha. A Nabanda anakamasula okha pakhonde, anaona mwala wotuwa wa mzere wakuda, naudziwa nthawi yomweyo, pakuti chingwe chake anachiluka okha pamene mlongo wawo anabwera komaliza. Analira mpaka mudzi wonse unasonkhana. Anthu anadula thunthu la nthochi, analikulunga mumphasa pamodzi ndi mwalawo, nakaliika kumanda pambali pa amayi awo a Jailosi, monga mwini wake ankanenera. Anameta, anafulula mowa, dimba analipereka kwa ena, ndipo dzina la Jailosi analipatsa mwana wobadwa mwezi womwewo.

"Nanga mlongo wanga?" anafunsa agogo.

Lufeyo anayang'ana pansi. Anati kuyambira pamenepo a Nabanda ankapita kumsewu tsiku lililonse la basi kukadikira Yohane, poganiza kuti amalume ake afa, mwanayo atsaliranji kuchilendo. Mvula inayamba iwo akupitabe kumsewuko, chifuwa chinawagwira, ndipo anamwalira chimanga chisanache. Amene anasiya mtedzawo anali a Nabanda omwewo, pamodzi ndi mawu oti wopita ku Halale, monga akumudzi ankatchulira dziko lonse lino, akauze mwana wawo.

"Yohane ndi amene anafa chaka chatha," anatero agogo. "Koma nena mawuwo. Ndikamuuza ndine, sindichedwa."

"Anati, bwera mwana wanga, ndatsala ndekha."

Palibe amene analira nthawi yomweyo. Nkhuku za anansi zinkatola mtedza uja popanda wozithamangitsa. Agogo anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo tinamva sutikesi ikukokedwa pasimenti. Anatuluka ndi kasanza kaja, anakamasula pamaso pathu, kamalasha n'kugwera pathaulo pakati pa miyala. Sanafunse munthu. Anangondiyang'ana. Ine miyendo inanditengera yokha kuseri kwa nyumba, ndinabwera ndi mwala wa amalume n'kuuika pansi patsogolo pawo, ndikulira, mamina ali chuchuchu, ndikunena kuti sindinkadziwa, sindinkadziwa.

Amayi anathyola nthambi ya pichesi. "Iwe mwana, wapha munthu ali moyo! Lero undiona!"

Agogo anakweza dzanja. "Musiye, Esitere. Ukamumenya, Nabanda adzuka?"

Ndikanakonda akanandimenya. Mpaka lero ndimawakwiyira amayi kuti anamvera.

Masiku otsatira amayi anawachonderera. "Baba, pitanibe. Akakuonani ndi maso adziwa kuti kunali kulakwitsa chabe."

"Ndikafikire kwa yani? Mowa wanga anamwa kale. Ana akandiona adzathawa ngati anathawira Lufeyo, akulu adzati mfiti yatuluka m'manda. Ndiye ndikawauze kuti afukule nthochi ija pambali pa amayi, ndilowepo ine? Mlongo wanga anandilira bwino. Zisiyeni mmene zilili."

Nsapato anapatsa Lufeyo, bulangete anayamba kufunda, nsalu ya mlongo wawo amayi anaipinda n'kuibisa kuti asamaione. Mbaula sinayakenso, ndipo anzawo akabweretsa miyala ankawabweza nayo. Ankangokhala pachitini chija, manja ali pamaondo, sitima ikalira osatembenuka n'komwe. Ntchito imodzi yokha anaigwira. Atamva za munthu wina wopita kwawo, anatenga kansalu kakuda ndi mwala wa amalume Yohane kuti ukakwiriridwe pamanda a a Nabanda, ndipo ulendo uno wonyamulayo anamuuza zonse ndi pakamwa. Anakhala pakhonde masana onse akulimbana ndi singano, ikuwabaya zala, ulusi ukuphonya bowo kambirimbiri. Ndinasendera pafupi n'kunena kuti, "Agogo, ndikulowetsereni ulusiwo."

Anayankha mofatsa, osandiyang'ana. "Ayi, Enelesi."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa, ndipo zoti "mkazi wanga" sindinazimvenso mpaka imfa yawo. Sanandikalipirepo, ndikadwala ankandifunditsa bulangete lawo lija, akapeza nthochi ankandigawira. Koma nthabwala yathu inathera pamenepo, ndipo ndinalibe mawu oti ndiipemphere ibwerere.

Anamwalira mvula isanagwe. Masiku omaliza amayi anawafunsa mmene angafunire mwambo wa maliro, nyimbo ziti, alalikire ndani. Iwo anati, "Maliro anga anachitika kale, ndipo ndamva kuti anayenda bwino. Kuno mungondikwirira." Tinawaika kumanda a lokeshoni, pakati pa anthu osawadziwa, chinthu chimene ankachiopa moyo wawo wonse. Palibe mwala umene unapita ku Dedza, chifukwa kunalibe woti akaumasule. Pamandapo anazikapo kachitsulo ka nambala kamene dzimbiri linadya, ndipo nditakula n'kupita kukafuna malowo kuti ndimangepo chipilala, ndinayendayenda m'udzu tsiku lonse osapazindikira.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili. Anthu amene ndinawauzako nkhaniyi amanditonthoza kuti ndinali mwana, ndipo ndi zoona, koma mawu amenewo sanandipepuzepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana yemweyo ndi amene anaimika mayi pamsewu, mvula ikumunyowetsa, akudikira wakufa, n'kutsekera nkhalamba njira ya kwawo itamanga kale katundu. Ku Dedza sindinapiteko. Mpata unalipo, mtima ndi umene unakana.

Adzukulu anga, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chishona, anandifunsa tsiku lina kuti asekuru anu aja anagona kuti, tikaoneko. Pamene pali thupi lawo sindipadziwa, ndipo pamene pali manda awo osamalidwa, pambali pa amayi awo, panagona nthochi. Ndinawauza anawo kuti anagona kwawo ku Dedza. Limeneli ndi bodza lachiwiri limene ndawanamizira agogo, ndipo ndi lokhali limene ndikuganiza kuti akanandilola.